Teyrn, bann ndi Ser: kumene mphamvu zimachokera m'dziko la Dragon Age

Munthu amene wangoyamba kusewera Dragon Age: Origins, gemu imene kampani ya BioWare ya mumzinda wa Edmonton ku Canada inatulutsa mu 2009, amakumana ndi mayina a maudindo ochuluka ola loyamba lisanathe. Uyu akumutchula kuti teyrn, uyo arl, winayo bann. Mayi wokalamba wovala mkanjo wa chipembedzo akulandira ulemu woposa wa mkulu wa asilikali. Ndipo msilikali wamkazi akumuitana kuti Ser chimodzimodzi mnzake wamwamuna. Osewera ambiri amangodumpha zonsezi n'kuthamangira kunkhondo, poganiza kuti ndi mayina ongokometsera nkhani. Ine ndimaona kuti amataya zambiri, chifukwa m'dziko lopekali, lotchedwa Thedas, dzina la udindo limaulula kumene mphamvu za munthu zikuchokera ndiponso amene angathe kumulanda mphamvuzo. Mikangano ikuluikulu ya mu Origins, ya mu Dragon Age II ya mu 2011 ndi ya mu Inquisition ya mu 2014 imabuka pamene anthu awiri amaudindo, aliyense wodalira gwero lakelake la mphamvu, apezana panjira imodzi yopapatiza.

Tiyambire ku Ferelden, dziko lozizira ndi lamatope la kumwera, kumene nkhani ya Origins imachitikira m'chaka chimene eni ake amachilemba kuti 9:30 Dragon, kutanthauza chaka cha 30 cha nyengo yachisanu ndi chinayi, popeza iwo amawerenga nthawi m'nyengo za zaka 100. Pamwamba pali mfumu ku likulu la Denerim. Pansi pake pali ma teyrn, ndipo pa nthawi ya nkhaniyi atsala awiri okha: Bryce Cousland wa ku Highever kumpoto ndi Loghain Mac Tir wa ku Gwaren kumwera. Kenako pamabwera ma arl, amene poyambirira anali anthu oikidwa ndi ma teyrn kuti azisunga malinga a pamalo ofunika pa nkhondo, monga Redcliffe ndi Amaranthine. Otsiriza ndi ma bann, eni madera ang'onoang'ono, ambiri mwa iwo okhala m'chigwa chachonde cha pakati pa dziko chotchedwa Bannorn. Mkazi wa udindo wa teyrn amatchedwa teyrna, wa udindo wa arl ndi arlessa, koma dzina loti bann silisintha kaya mwini wake ndi mwamuna kapena mkazi.

Ukayang'ana mndandandawu umangoona ngati makwerero wamba, oti wapamwamba amalamula wapansi. Koma ku Ferelden mphamvu zimakwera kuchokera pansi. Mlimi amene ali ndi munda wakewake ndiye amasankha bann woti azimugonjera ndi kumuthandiza pa nkhondo, ndipo akaona kuti bann wakeyo akulephera kumuteteza ku achifwamba, ali ndi ufulu wotembenukira kwa bann woyandikana naye. Ma bann nawonso amasankha teyrn womulumbirira, ndipo ma teyrn oyambirira anali ma bann omwewo amene anatchuka pa nkhondo mpaka anzawo anayamba kuwatsatira. Motero bann amene wanyoza alimi ake amatha kudzuka tsiku lina ali ndi dzina lokha, anthu atamuthawa. N'chifukwa chake Bannorn ndi dera la mikangano yosatha, moti zolemba za m'gemuyi zimasimba kuti ma bann anamenyanapo nkhondo chifukwa cha mtengo umodzi wa maapozi.

Kachitidwe kameneka kamaonekera ngakhale pa kapatsidwe ka ulemu. Wosewera akafika ku linga la Ostagar, Mfumu Cailan imabwera yokha kudzamulonjera pachipata, imamufunsa dzina ndi kwawo, ndipo imasonyeza kuti ilibe nazo ntchito za mwambo wautali. Anthu a ku Ferelden amalemekeza mfumu yawo, koma sayiopa ngati mulungu, ndipo nduna imatha kuitsutsa maso ndi maso pagulu. Potchula munthu waudindo amatsogoza udindo wake kenako dzina, kawirikawiri dzina loyamba: Arl Eamon, Bann Teagan, Teyrn Loghain. Anthu a ku Orlais, dziko loyandikana nalo limene linalamulira Ferelden ngati atsamunda kwa zaka zoposa 70, amaona zonsezi ngati uchimidzi, ndipo amawanyoza kuti ndi mafumu a agalu chifukwa cha chikondi chawo pa agalu ankhondo otchedwa mabari. Chipongwe chimenechi chili ndi choonadi chimene onyozawo sachiona: galu wa mabari amasankha yekha mbuye wake, monga momwe mlimi amasankhira bann.

Loghain mwiniwake ndi umboni wa zimenezi. Anabadwira m'banja la alimi, ndipo udindo wa teyrn anaupeza chifukwa chotsogolera nkhondo yopirikitsa a Orlais limodzi ndi Maric, amene anadzakhala mfumu, bambo wake wa Cailan. Mwana wake wamkazi, Anora, anakwatiwa ndi Cailan n'kukhala mfumukazi. Wachiwiri wake pa nkhondo, Ser Cauthrien, nayenso ndi mwana wa mlimi. Dzina loti Ser limaperekedwa kwa msilikali amene walumbira kutumikira mbuye wake ndi lupanga, ndipo ku Ferelden silifunsa kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi.

Bwalo la Landsmeet

Zonsezi zimafika pachimake pa bwalo lotchedwa Landsmeet, msonkhano wa eni maudindo onse a Ferelden umene umachitikira ku Denerim, ndipo ndi bwalo limeneli limene lili ndi mawu omaliza pa nkhani ya ufumu. Cailan atafera ku Ostagar pa nkhondo yolimbana ndi zilombo zotchedwa darkspawn, pamene Loghain anabweza asilikali ake m'malo mokamuthandiza, Loghain anadzilengeza kuti ndi wogwirizira ufumu m'malo mwa mwana wake Anora. Cholakwa chake chachikulu pamaso pa ma bann chinali chakuti anawalamula kuti amugonjere asanawafunse, ndipo Bann Teagan anamutsutsa pomwepo, anthu onse akumva. Dziko linagawika, nkhondo yapachiweniweni inayamba, pamene zilombozo zinali zikusakaza kale midzi ya kumwera.

Wosewera akafika pa Landsmeet ali ndi Alistair, mwana wapathengo wa Maric, ndipo munthu angaganize kuti magazi achifumu okhawo ndi okwanira kuthetsa mlandu. Sizitero. Kukakamira mfundo ya magaziyo sikuwasuntha kwenikweni ma bann. Chimene amafuna kumva ndi choti ndani wawapweteka iwowo ndi anthu awo. Bann Sighard amatembenuka ngati wosewera anapulumutsa mwana wake Oswyn, amene ankazunzidwa m'ndende ya Arl Rendon Howe, mnzake wa Loghain. Bann Alfstanna amatembenuka akamva zimene zinachitikira mlongo wake Irminric m'ndende yomweyo. Arl Wulff, amene dera lake lawonongedwa ndi zilombo, amangofuna munthu amene akuvomereza kuti mliri wa darkspawn ndiwo mdani weniweni. Makalata osonyeza kuti Loghain analola amalonda a ukapolo a ku Tevinter, dziko la kumpoto, kugula ma elf, mtundu wa anthu a makutu osongoka, a m'dera la osauka ku Denerim amagwedeza bwalo lonse, chifukwa a Ferelden amanyadira kuti kwawo kulibe ukapolo. Pamapeto pake nkhani imathera pa kumenyana kwa anthu awiri ndi malupanga, koma kumenyanako nakonso kuli ndi malamulo ake amene bwalo limavomereza, ndipo wogonja amagonja pamaso pa mboni.

Rendon Howe ndi chitsanzo cha mbali inayo. Atapha banja la Cousland usiku m'nyumba mwawo, iye ali mlendo wawo, anadzikundikira maudindo atatu: arl wa Amaranthine, teyrn wa Highever ndi arl wa Denerim. Pa pepala panalibe womuposa kupatula Loghain ndi Mfumukazi Anora. Koma palibe bann amene anamusankha, ndipo atafa, ochepa kwambiri ndi amene anamulira.

Makwerero achiwiri ndi a chipembedzo cha Chantry, ndipo amenewa amayenda mosiyana, chifukwa mphamvu zake zimatsika kuchokera kumwamba. Chipembedzochi chimalambira Mlengi potsatira mneneri wamkazi Andraste, amene anaperekedwa kwa adani ndi mwamuna wake Maferath n'kuwotchedwa ku Tevinter. Chifukwa cha kusakhulupirika kwa Maferath, unsembe ndi wa akazi okha. Mwamuna akhoza kukhala mbale wotumikira, wophunzira kapena woyendetsa zamaofesi, koma sangatsogolere mapemphero ngati wansembe. Pansi pali alongo ndi abale, pamwamba pawo amayi ansembe, ndipo woyang'anira nyumba yopemphereramo ya m'mudzi kapena m'tauni amatchedwa Revered Mother. Oyang'anira dziko lonse kapena mzinda waukulu ndi a Grand Cleric, amene amasonkhana kuti asankhe mtsogoleri wamkulu, Divine, wokhala mu mzinda wa Val Royeaux ku Orlais. Aliyense ali ndi mawu ake omulankhulira nawo: kwa Revered Mother amati Your Reverence, kwa Grand Cleric amati Your Grace, ndipo kwa Divine amati Most Holy kapena Your Perfection, mawu omutenga ngati munthu wopanda banga. Divine ndi amenenso amatcha dzina nyengo iliyonse ya zaka 100, choncho ngakhale kalendala ili m'manja mwake. Ku Tevinter kokha ndi kumene anapatuka n'kudziikira Divine wawo wamwamuna, amene akumwera amamutchula monyoza kuti Divine Wakuda.

Chimene chimapatsa Chantry mano ndi gulu lake la asilikali, ma templar, amene ntchito yawo ndi kulondera anthu obadwa ndi mphamvu zamatsenga ndi kusaka amene athawa. Nawonso amatchedwa Ser, koma lumbiro lawo silipita kwa bann kapena kwa mfumu. Gulu lililonse limatsogoleredwa ndi Knight-Commander, wachiwiri wake ndi Knight-Captain, ndipo iwowa amayankha kwa Grand Cleric. Pali chingwe china chowamanga chimene sichitchulidwa pa mwambo wolumbira: ma templar amapatsidwa mankhwala a mwala wotchedwa lyrium kuti azitha kulimbana ndi matsenga, mankhwalawo amabweretsa chibaba choopsa, ndipo amene amayendetsa malonda ake ovomerezeka ndi Chantry yomweyo. Msilikali amene wafuna kusiya gululi amasiya ndi thupi lolira lyrium usana ndi usiku. Mu Inquisition timaona Cullen, amene anali Knight-Captain mumzinda wa Kirkwall, akulimbana ndi chibaba chimenechi yekha mu ofesi mwake, kabokosi ka mankhwalawo kali patebulo, ndipo ndi pamenepo pamene munthu umamvetsa kuti udindo wa templar ndi ulemu ndiponso goli.

Lamulo limodzi la Chantry limadula makwerero a mafumu pakati: mwana wobadwa ndi matsenga amatengedwa kupita ku nsanja ya amatsenga yotchedwa Circle, ndipo sangalowe udindo wa bambo wake ngakhale atakhala mwana yekhayo. Tsoka lonse la ku Redcliffe linayambira pamenepa. Arlessa Isolde, mkazi wa Arl Eamon wa ku Redcliffe, ataona zizindikiro za matsenga mwa mwana wake Connor, anaopa kuti amulanda mwana ndipo banja litaya wolowa m'malo, choncho anabisira mwamuna wake n'kulemba ntchito mobisa Jowan, wamatsenga wothawa ku Circle, kuti aphunzitse mwanayo kudzibisa. Jowan anali atatumidwa ndi Loghain kuti athire Arl Eamon poizoni. Connor, pofuna kupulumutsa bambo wake, anapangana ndi chiwanda, ndipo mitembo inayamba kudzuka usiku n'kumapha anthu a m'mudzi. Pa Landsmeet nkhani yomweyi imabweranso, chifukwa Loghain analanda Jowan m'manja mwa templar amene anamugwira, yemwe ndi Irminric uja, ndipo Grand Cleric akamva zimenezi amadzudzula Loghain pagulu chifukwa cholowerera ntchito ya Chantry. Teyrn angathe kupereka mfumu yake kwa adani n'kupezabe omuikira kumbuyo, koma kugwira mkaidi wa ma templar ndi mlandu wa mtundu wina.

Ku Kirkwall, mzinda wa mu Dragon Age II, kugundana kumeneku kumaoneka poyera. Wolamulira mzindawu amatchedwa viscount, koma aliyense amadziwa kuti Viscount Marlowe Dumar ali pampando chifukwa ma templar amulola, popeza amene analipo iye asanabwere, Perrin Threnhold, anagwetsedwa atayesa kuwathamangitsa. Dumar ataphedwa mu 9:34, Knight-Commander Meredith analetsa kuti pasankhidwe wina ndipo analamulira mzindawo yekha zaka zitatu. Womuletsa yekhayo anali Grand Cleric Elthina, chifukwa lamulo lopha amatsenga onse a mu Circle, lotchedwa Right of Annulment, limafuna chilolezo cha Grand Cleric. Elthina atafa pa kuphulika kwa nyumba yopemphereramo mu 9:37, panalibenso dzanja logwira Meredith pamkono. Mumzinda womwewu ulemu wa tsiku ndi tsiku uli ndi mawu awiri oyenera kuwatchera khutu: serah amanenera munthu wofanana naye kapena wotsika, messere amanenera womuposa. Hawke, amene wosewera amamuyendetsa, amafika ngati wothawa nkhondo wosauka, ndipo kukwera kwake kumamveka m'makutu pamene anthu ambiri ayamba kumutchula kuti messere.

Kumene ulemu uli chida

Orlais ndi dziko limene mwambo waulemu umapha anthu. Olemekezeka ake amavala zigoba zakumaso pagulu, chilichonse chosonyeza banja la mwini wake, ndipo amakhala moyo wawo wonse m'mpikisano wa ziwembu, miseche ndi maukwati andale umene amautcha Grand Game. Mfumukazi Celene amalankhulidwa ndi mawu oti Your Radiance, omufanizira ndi kuwala. Asilikali ake olemekezeka, ma chevalier, amaphunzitsidwa malamulo okhwima a ulemu pakati pa iwo okhaokha, koma pa munthu wamba ali ndi ufulu wochita pafupifupi chilichonse. Pamsika wa ku Denerim pali mayi wogulitsa zonunkhira, Liselle, amene amafotokoza kuti anathawa kwawo chifukwa mlongo wake anamenya chevalier pomuteteza. Akazi analoledwa kukhala ma chevalier pambuyo poti Aveline, amene analowa mpikisano wa ankhondo atabisa nkhope, anaphedwa atadziwika kuti ndi mkazi. Mwana wa mfumu amene Aveline anamugonjetsa pa mpikisanowo ndi amene anadzasintha lamulolo atalowa ufumu.

Inquisition inachita chinthu chimene ndimachiyamikira kwambiri, chifukwa inasandutsa mwambo umenewu kukhala gawo la kaseweredwe. Pa phwando la ku Winter Palace mu mzinda wa Halamshiral, kumene Celene ndi msuweni wake Grand Duke Gaspard akukambirana zothetsa nkhondo yawo yolimbirana mpando, wosewera amapatsidwa mlingo wofika pa 100 wosonyeza mmene olemekezeka akumuonera. Ngati ndi elf, dwarf (mtundu wa anthu aafupi), qunari (mtundu wa anthu aatali a nyanga) kapena wamatsenga, amayamba mlingowo uli wotsika asanatsegule n'komwe pakamwa. Akayankha mosabisa mawu, mlingo umatsika. Akayankha mozungulira, osaulula chimene akudziwa, umakwera. Akachedwa m'zipinda zoletsedwa umatsikanso, koma akabwerera m'chipinda chovinira belu lachiwiri litalira, osati loyamba, amamuona ngati wodziwa khalidwe la apamwamba. Mlingo ukafika pa 0 amatulutsidwa m'nyumbamo ndipo ntchito yonse yalephereka. Polowa, wolengeza amatchula mlendo aliyense ndi maudindo ake onse. Cassandra Pentaghast, wa banja lachifumu la dziko la Nevarra, amamudula pakamwa asanamalize mndandanda wa mayina ake, pamene Solas, wamatsenga wodziwa zakuya kuposa onse m'chipindamo, amangolengezedwa kuti ndi wantchito wachi elf. Kwa anthu a m'nyumba imeneyo, elf sangakhale china.

Ku Orzammar, mzinda wa pansi pa nthaka wa ma dwarf, nkhani ndi yachidule chifukwa palibe zosankha. Munthu amabadwira m'gulu lake, kaya la olemekezeka, ankhondo, osula, amisiri, okumba miyala, amalonda kapena antchito, ndipo mwana wamwamuna amatsata gulu la bambo, wamkazi la mayi. Opanda gulu amadindidwa chizindikiro kumaso ali makanda, ndipo m'mabuku a mbiri ya mzindawo salembedwamo. Wosewera amene wasankha kuyamba ngati mwana wa Mfumu Endrin angathe kukana kulankhula ndi wamalonda pamsika n'kuuza womuperekeza wake, Gorim, kuti amuyankhire, wamalondayo ali chiimire pomwepo. Khomo lalikulu lotulukira m'dongosolo limeneli ndi kulengezedwa kuti ndiwe Paragon, munthu wochita chinthu chachikulu moti amalemekezedwa ngati kholo lamoyo, monga Branka, wosula amene anatulukira makala opanda utsi.

Gulu limodzi lokha ndi limene limadutsa makwerero onsewa, ndilo la Grey Wardens, olimbana ndi darkspawn. Wolowa m'gululi amasiya udindo ndi cholowa cha kwawo, ndipo mkulu wake ali ndi ufulu wotenga munthu aliyense, kaya ndi mwana wa teyrn kapena wakuba amene chingwe chili kale m'khosi. Kufunika kwa lamulo losiya maudindo kunaoneka pa nkhani iyi: Sophia Dryden, mkulu wa gululi amene anali ndi magazi achifumu, anaukira Mfumu Arland ya ku Ferelden, ndipo gulu lonse linathamangitsidwa ku Ferelden kwa zaka pafupifupi 200, mpaka Maric analibweza. N'chifukwa chake zimene zimachitika mu Awakening, gawo lowonjezera la mu 2010, n'zachilendo: dera la Amaranthine, lolandidwa ku banja la Howe, likuperekedwa kwa gululi, ndipo mkulu wake akukhala pampando wa arl, kulandira malumbiro a ma bann ndi kuweruza milandu ya minda, pamene ena mwa olumbirawo, motsogozedwa ndi Bann Esmerelle, akukonza zomupha. M'ndende ya pa linga la Vigil's Keep, m'dera lomweli, muli mkaidi amene anagwidwa akuzembera m'nyumbamo, ndipo panafunika amuna anayi kuti amugwire. Ndi Nathaniel, mwana wa Rendon Howe, amene anabwera kudzapha mkulu wa gululi koma atalowa anangofuna kutenga katundu wa makolo ake m'nyumba imene anakuliramo. Wosewera angathe kumupachika, kumumasula, kapena kumulowetsa m'gulu limene likukhala m'nyumba ya bambo wake.